Nyumba ya Kaunjika

Njerwa izi ndinazigogoda ndekha,
imodziimodzi, ndi kachikwanje kobuntha,
atagumula depoti yakale ya mbatata
kuseri kwa msika, pa Dedza boma.
Makwacha makumi awiri pa njerwa.
Zala zinang'aluka ndi chisanu cha Juni,
nkhungu itatsika m'phiri kudzakhala nafe pamulu.

Ina inali ndi phazi la galu,
galu amene anaponda dothi likadali laliwisi
ine ndisanabadwe.
Ndinaibisa m'thumba la nkhomaliro.
Lero ili pamwamba pa chitseko changa,
nambala seveni, ukakwera masitepe.

Odutsa pamsewu ankaseka mpaka kugwira nthiti:
nyumba ya kaunjika!
Mawindo a kusukulu, zitseko za kuchipatala,
mitanda ya paini yomwe inasenzapo kale denga lina.
Mayi Nangozo, amene anajambula pulani,
ankangoyeza khoma, pensulo ili kukhutu.

Tinakangana tsiku lina, ine ndi iwo.
Ndinati simenti ndiye dilu.
Iwo anati laimu ndi mchenga basi,
kuti wodzaphwasula mawa asadzaswe njerwa,
adzangozitonola ngati chimanga.
Ndinati, mayi, munthu amamanga akuganiza zogumula?
Anayang'ana mulu wanga.
Anati, nanga inu mwakhala mukugogoda chiyani?

Pansi pamakhala phokoso la masana.
Ajibu ndi makina ake osokera,
Lekeleni ndi chiwaya cha tchipisi,
Sidireki akupala matabwa, wailesi ili pakhosi.
Makoko a mbatata amatsikira m'dzenje lotseka kuseri,
amagona mumdima masabata angapo,
n'kubwerera m'paipi ali lawi labuluu
pansi pa chiwaya chomwe chija.
Utuchi ana amaukanda ndi phala la chinangwa,
timibulu touma padzuwa, makala opanda nkhwangwa.
Mvula ya padenga timaisunga m'thanki.
Ikachapa malaya imapita kukathirira mpiru,
mpiruwo n'kukwera masitepe madzulo
m'manja mwa mwana wanga Tiferanji.

Musayese ndi kumwamba.
Wina anaponya majumbo m'dzenje la gasi,
masiku anayi moto zii,
msonkhano pamasitepe, zala kulozana,
mpaka lero Lekeleni sapereka moni kwa a nambala foro.
Sidireki amayamba kukhoma tambala asanatsike.
Mwezi ukatha lendi imagogoda ngati kwina kulikonse.
Ndipo mphepo ikachokera ku Mozambiki
dzenje lija limatikumbutsa zomwe linadya.

Koma khoma la kuchipinda kwanga ndi lofunda.
Pakati pa njerwa ndi thabwa
tinatsendera zidutswa za nsalu za kwa Ajibu,
matumba khumi ndi awiri,
zotsala za yunifolomu, za madiresi a ukwati,
za masuti opita nawo kukhoti.
Tsiku lotseka thabwa lomaliza
anyamata atapita kukamwa tiyi
ndinalowetsamo juzi ya Eneresi,
yofiira ija, yong'ambika pachigongono,
yomwe anavala ulendo wotsiriza wa kuchipatala.
Iye sanaione nyumbayi.
Anaona maziko okha, n'kunena kuti ndi aakulu.

Zonse muno zimabwerera,
madzi, makoko, utuchi, ngakhale phulusa.
Chimodzi chokha sichinabwerere,
ndipo Mayi Nangozo alibe pulani yake.

Usiku magalimoto a katundu akamalira pachikweza
ndimatsamira khoma limenelo.
Msana umamva kaye kuzizira,
kenako ayi.

Iwe amene udzaphwasule nyumba ino,
zaka zanga zitatha, ndi za Tiferanji mwina,
masula zitseko ndi sikuludilaiva, usamenye.
Njerwa ya galu uisamale.
Pafupi nayo, m'laimu, mwadinda chala chachikulu:
n'changa, ndinadinda dala.
Ukapeza juzi yofiira usadabwe.
Uikutumule fumbi.
Kumene ukukamangako kudzakhalanso Juni.